Mpando wa Kumanja

Ku Gimli, mwezi wa Febuluwale,
chisanu chimaluma ngakhale chitsulo.
Tinkakankha kandege kathu kukatulutsa m'shedi
mpweya ukufuka m'kamwa ngati utsi,
minda ili mbee mpaka kumene maso alekezera.

Woyamba kukhala kumanja kwanga anali Brent Hrynkiw.
Iyeyu ankangounjika maola
kuti a ndege zikuluzikulu adzamulembe ntchito,
ine ndinali makwerero ake olipira okha.
Ndikangopendeka pang'ono, dzanja lake lili kale pa chiwongolero:
"Ndagwira ine."
Mawu awiriwa ndinawamva kambiri
kuposa dzina langa.
Ankausa moyo m'mahedifoni,
ndipo kuusako kunkalowa makutu onse awiri nthawi imodzi,
mpaka ndinazolowera kuwerenga nsagwada zake
m'malo mowerenga mawotchi a ndege.

Tsiku lina ndinatera ngati thumba la simenti logwa pa lole.
Ndege inanjanja katatu.
Iye anati, "Kwanu kuli thirakitala, eti? Bwerera komweko."
Ndinakasanza kuseri kwa thanki ya mafuta,
masanziwo n'kuuma gwa ndisanapukute pakamwa.

Ndisamunamizire munthu: kuuluka ankakudziwa.
Mphepo yopingasa ankaiweta ngati ng'ombe yapakhomo.
Koma luso lake linali chitsime chokhoma ndi loko,
ife tinkangomva madzi akulira pansi.

Mu Epulo anapita kumene mtima wake unali kale.
Kunabwera mayi Odile Lavallée,
waimvi, jekete yong'ambika pachigongono,
amene anatha zaka makumi awiri akupopera mankhwala minda ya tirigu,
kuuluka mosisita nsonga za mitengo.
Anakhala pampando, n'kupinda manja pachifuwa.
Manja amenewo ndinawadikira ola lathunthu.
Sanatuluke.

"Matako akukuuza chiyani?"
Ndinaseka. Iye sanaseke.
"Ndege imayamba yanong'oneza matako,
mawotchi amamva mochedwa."

Anandisiya ndikweze mphuno ya ndege
mpaka mapiko analeka kugwira mphepo.
Kachenjezo kanalira ngati mwanapiye wopondedwa,
ndege inazyolika,
minda yonse inadzadza pa galasi.
Mtima unali pakhosi.
Iye anangoti, "Eya. Ndiye utani?"
Ndinakankha chiwongolero, ndinawonjezera moto,
ndege inadzuka ngati sinagwepo.
"Bwereza," anatero, "mpaka zikutopetse."

Naye sanali mngelo.
M'mawa wina ndinaiwala kuona ngati m'mafuta muli madzi.
Sanakalipe. Anandipatsa ndowa ndi chiguduli,
ndinagona chagada pa simenti yozizira
kutsuka mimba ya ndege mpaka masana,
iye akumwa khofi pazenera.
Ndinamuda sabata yonse.
Mafuta sindinaiwalenso.

Pa naintini Meyi, titatera katatu,
anati, "Ima apa."
Anamasula lamba, anatsika, ananditsekera chitseko,
n'kumenya phiko kawiri ndi chikhatho
ngati akutsanzika hatchi.
Sanacheuke.

Popanda iye ndege inapepuka,
inanyamuka ndisanakonzeke.
Ndinayang'ana kumanja:
mpando, lamba ali lende,
kapepala ka switi kamene anaiwala.
Pokhota kuti nditere
ndinamva kuusa moyo kuja m'mahedifoni,
ngakhale mwini wake anali kutali, mwina pamwamba pa Calgary.
Zala zinauma.
Kenako pansi pa kuusako panatuluka funso:
Ndiye utani?
Matayala anapsompsona phula. Kamodzi kokha.

Papita zaka zisanu ndi zinayi.
Lero kumanja kumakhala ine.
Mtsikana wa ku Arborg, wolipira ndi ndalama za kumalo omwetsera mafuta,
akubwera mopendeka, mphepo ikumukankhira ku udzu,
akundiba ndi ngodya ya diso.
Dzanja langa likuyabwa,
likunyamuka lokha,
ndipo mawu awiri aja ali kale pa lilime.
Ndikuwameza.
Dzanjalo ndalikhalira.